Kalata yotseguka kwa osunga nyumba ya E-1027: makoma mwakonza, nanga dzina la womanga?

Kwa a Nduna ya zachikhalidwe m'dziko la France, akuluakulu a Centre des monuments nationaux (bungwe la boma losamalira zipilala za dziko), akuluakulu a Conservatoire du littoral (bungwe la boma loteteza magombe a nyanja), ndi a Meya a tauni ya Roquebrune-Cap-Martin,

Landirani moni wanga waulemu nonsenu, pamodzi ndi onse amene mumagwira nawo ntchito.

Ndine mayi wa ku Malawi, ndimakhala ku Dublin, ndipo ntchito yanga ndi yosamalira okalamba. Za kamangidwe ka nyumba sindinapitire kusukulu. Bambo anga ndiwo anali mmisiri, ine changa chinali kuwatungira madzi okandira matope ndili kamtsikana. Kalatayi ndalemba m'Chichewa chifukwa ndimo ndimadandaulira bwino. Kuti ifike pa desiki panu pafunika wina aimasulire, ndipo zimenezo sizikundidetsa nkhawa. Nkhani ya mayi amene wamanga nyumba n'kudzatchuka nayo wina, anthu akwathu saifunsa kawiri, aiyendetsa okha.

Ndiyambe n'kuthokoza, pakuti pali chothokozera. Nyumba yoyera ija ya E-1027, yomwe anamanga Mayi Eileen Gray, ili pamatanthwe a Cap Martin, pakati pa njanji ndi nyanja ya Mediterranean, inali bwinja pomwe a Conservatoire du littoral ankaigula mu 1999. Boma linaiika m'gulu la zipilala zotetezedwa mu 2000, bungwe la Cap Moderne linasonkhetsa ndalama, alendo anayamba kulowamo mu 2015, ndipo ntchito yaikulu yokonza inatha mu 2021. Ndinakaiona ndi maso anga. Konkire ndi yolimba, mawindo amatseguka, nsalu za pakhonde zikukupiza ngati kale. Amene munagwira ntchito imeneyo manja anu adalitsike.

Dzina la Mayi Eileen Gray ndinalimva koyamba ku Collins Barracks, kunyumba yosungira zinthu zakale ya dziko la Ireland, komwe amaonetsa zina mwa zomwe mayiwa anasiya. Ndinalowamo pothawa mvula, ndisaname. Chinandiimitsa ndi chithunzi cha katebulo kozungulira, kagalasi pamwamba, kamiyendo yachitsulo chonyezimira. Phazi lake ndi mkombero wosatseka, wosiya mpata kuti katebulo kalowe m'mbali mwa bedi, ndipo pamwamba pake mumakweza kapena kutsitsa n'kukhomera ndi kapini kolendewera pa tcheni. Ine matebulo olowa pabedi ndimakankha tsiku lililonse pokadyetsa agogo osatha kudzuka. Athu ndi olemera, amakola mawaya, amathira tiyi pamashiti. Ameneyu, ndinati chamumtima, anaganizapo za munthu wogona. Amati anakapangira mchemwali wawo amene ankakonda kudyera kadzutsa pabedi. Katebuloko kamatchedwa E-1027, dzina la nyumba yomwe kanapangidwira, ndipo n'kamene kanandikweza ndege ya ku Nice.

M'sitima yochoka ku Nice ndinakhala moyang'anizana ndi bambo wina wachikulire, wochezeka bwino. Nditamuuza siteshoni yomwe ndikatsikire, anamwetulira n'kunena kuti, "Ndiye mukupita kwa Le Corbusier." Le Corbusier anali katswiri wotchuka wa zomangamanga. Bamboyo sananene mwachipongwe. Ananena zomwe malowo akhala akuphunzitsa anthu kwa zaka zambiri. Kalata yonseyi yachokera pa mawu amenewo.

Mundilole ndikumbutse zomwe mukuzidziwa kale, chifukwa ena owerenga sakuzidziwa. Mayi Gray anabadwira kufupi ndi Enniscorthy ku Ireland mu 1878, n'kukhazikika ku Paris, komwe anatchuka ndi mipando ndi makapeti, ndiponso luso lopaka utomoni wonyezimira lomwe anaphunzira kwa mmisiri wa ku Japan, Seizo Sugawara. Nyumbayi anayamba kuimanga mu 1926 ali ndi zaka 48, asanamangepo nyumba ina iliyonse, alibe pepala la sukulu ya zomangamanga. Anaimaliza mu 1929. Pamalopo sipafika galimoto. Simenti, mchenga, zitsulo, zonse zinkayenda pa wilibala m'kanjira kotsata njanji, ndipo mayiwa ankakhala komweko ndi amisiri pomwe bwenzi lawo, a Jean Badovici, katswiri wa zomangamanga wochokera ku Romania, ankabwera mwa apo ndi apo kuchokera ku Paris. A Badovici anathandizapo ndi nzeru, makamaka pa mawindo ndi zina za kamangidwe, zimenezo sindikuzikana. Dzina la nyumbayo likuchitira umboni: E ndi Eileen, 10 ndi J, chilembo chakhumi, 2 ndi B, 7 ndi G. Mayiwa anakumbatira dzina la mwamunayo pakati pa zilembo zawo ziwiri. Koma malowo analembetsa m'dzina la a Badovici, ndipo mavuto onse anayambira pa pepala limenelo.

Apa ndiime pang'ono. Azakhali anga anaumbitsa njerwa ndi ndalama za mandasi, n'kumanga nyumba ya malata pa puloti yolembedwa m'dzina la amuna awo. Amunawo atamwalira, achibale anabwera ndi pepala. Ndiye ndikamawerenga za puloti ya ku Cap Martin sindifuna wondimasulira.

Munthu akaiona patali, nyumbayi imaoneka ngati sitima yapamadzi yokocheza pathanthwe: yoyera, yaitali, denga lafulati, yoimikidwa pa nsanamira za konkire, khonde lake lotchingidwa ndi nsalu zolimba zomangirira pa mapaipi, ndi chubu chopulumutsira omira chitapachikidwa pamenepo. Ndi kamangidwe kaja ka Modernism kopanda zokometsera zapamwamba. Zimenezo zili m'zithunzi zonse. Chomwe zithunzi sizionetsa ndi chisamaliro cha mkati. Simungalowe n'kuona zonse nthawi imodzi, chifukwa pakhomo pali chotchinga chokukakamizani kukhota, ndipo pakhoma mayiwa analembapo mawu awiri a Chifalansa, "Entrez lentement", kutanthauza kuti lowani pang'onopang'ono. Mukakhota ndi pomwe balaza lalikulu limatseguka, mbali yake yonse yoyang'ana kunyanja ili magalasi opindika ngati kodiyoni. Kunja kwa mawindo kuli zotchinga zamatabwa zotsetsereka, zoti munthu asankhe yekha kuti dzuwa lilowe lochuluka bwanji ndi mphepo ilowe yochuluka bwanji. Pamwamba pa tebulo lodyera anamatapo khungwa lofewa lija amatsekera mabotolo a vinyo, kuti mbale ndi makapu zisasokosere amene akugona. Madirowa amatseguka mozungulira kuti muone zonse zili mkati. Pa makabati pali timawu tosonyeza poika mapilo ndi poika zovala zopepuka. Kalilole wa m'chipinda cha alendo ali ndi kamkono konyamula kalilole wina wamng'ono, kuti bambo wometa adzione kunkhongo. M'munda anakumba dzenje loyalidwa matailosi loothera dzuwa, osati dziwe losambira, poopa udzudzu. Makhitchini ndi awiri, ina mkati ya nyengo yozizira, ina panja, monga amachitira amayi a m'deralo, ndiponso monga timachitira ife. Chipinda chilichonse chogona chili ndi potulukira pake, kuti munthu akafuna kukhala yekha asapemphe chilolezo kwa wina.

Ine ndimadziwa kusiyana kwa chipinda chokonzedwa ndi munthu amene anayamba wadwazikapo ndi chipinda chokonzedwa ndi munthu wongofuna chithunzi chabwino. A Le Corbusier ankaphunzitsa kuti nyumba ndi makina okhalamo. Mayi Gray anatsutsa poyera, kunena kuti nyumba si makina, ndi chigoba cha munthu. Makoma oyera a E-1027 sanali oyera chifukwa chosowa penti. Anali oyera mwadala, kuti maso apumepo akachoka panyanja yothobwa.

Dandaulo langa loyamba lili pa makoma amenewo. Mayi Gray atasiyana ndi a Badovici kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1930, anachoka n'kukamanga nyumba ina, Tempe à Pailla, ku Castellar kumtunda kwa Menton. Mu 1938 ndi 1939 a Le Corbusier, ali mlendo wa a Badovici, anajambula zithunzi zikuluzikulu zisanu ndi zitatu pa makoma a E-1027, zambiri za mitundu yowala, zina za akazi ali mbulanda. Pali chithunzi chotchuka chowaonetsa iwo eni akupenta ali chibadwire, burashi m'manja. China mwa zojambulazo anachiika pakhoma lomwe lija la pakhomo lolembedwa kuti lowani pang'onopang'ono. A Badovici analola, inde, ndipo mwalamulo nyumba inali yawo. Koma womanga sanafunsidwe. Atamva anati kumeneko n'kuwononga, ndipo sanapondemonso m'nyumbamo mpaka imfa yawo. Kwathu mayi akazira nyumba yake, ngakhale mwana wa mfumu salembapo ndi khala. Chopweteka china n'chakuti mu 1938 momwemo a Le Corbusier anali atalembera mayiwa kalata yoyamikira nzeru zomwe zinakonza nyumbayo mkati ndi kunja. Ankadziwa chomwe akupaka penti. Pambuyo pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse anasindikiza zojambulazo, mu 1946 ndi mu 1948, n'kuitchula nyumbayo kuti nyumba ina ya ku Cap Martin, dzina la womanga osalitchula, makoma ake n'kuwanena kuti anali ozizira, opanda chochitikapo. Kuyambira pamenepo ambiri anayamba kuyesa kuti nyumbayo ndi ya a Badovici okha, ena n'kumati ndi ya a Le Corbusier.

Sindikunyoza malemu Le Corbusier. Anali katswiri wamkulu, ndipo ndikudziwa kuti mu 1960, a Badovici atamwalira mu 1956 nyumba n'kupita pa okushoni, ndi iwo anapeza wogula, Mayi Marie-Louise Schelbert a ku Zurich, amene anaisunga ndi mipando yake. Mwina popanda zojambulazo nyumbayo ikanagwetsedwa kalekale. Koma munthu akakuthyola mwendo n'kukugulira ndodo, mumathokoza ndodo, mwendo osauiwala. Zina mwa zojambulazo zikadalipo, zinakonzedwa ndipo n'zotetezedwa, choncho mlendo wolowa m'nyumba yomwe mwaibwezeretsa mmene inalili mu 1929 amakumanamo ndi 1939.

Dandaulo lachiwiri ndi la malo ozungulira. Timati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Mame awa sanakamuke. Mu 1952 a Le Corbusier anamanga kanyumba kawo kamatabwa, Cabanon, kotalika mamita 3.66 mbali zonse, kogundana ndi malo odyera a Étoile de Mer a Thomas Rebutato, kungotuluka pa mpanda wa E-1027. Mu 1957 anawonjezera tizipinda tisanu ta alendo pamwamba pake penipeni, toyang'ana pansi pa denga la mayiwa. Pa 27 Ogasiti 1965 anafera m'nyanja akusambira kumunsi kwa matanthwe omwewo, ndipo manda awo, omwe anajambula okha, ali kumtunda ku Roquebrune. Zonsezi ndi mbiri, palibe angazisinthe. Chomwe chingasinthike ndi chikwangwani. Njira yoyenda pansi yozungulira Cap Martin, yomwe munthu amatsata pochokera ku siteshoni kupita pageti la E-1027, imatchedwa Promenade Le Corbusier. Njira yomwe wilibala za Mayi Gray zinkadutsa zaka zoposa 20 Cabanon isanamangidwe ili ndi dzina la mlendo wawo. Ndipo mu 2016, UNESCO, bungwe la United Nations loona za maphunziro ndi chikhalidwe, italemba ntchito 17 za a Le Corbusier m'mayiko 7 pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse, Cabanon inalowa. Nyumba yomwe inawakokera pagombeli inatsala kunja kwa mpanda. Ndikudziwa kuti mndandandawo unali wa ntchito za munthu mmodzi, choncho E-1027 sikanalowamo. N'chifukwa chake ikufunika khomo lakelake.

Dandaulo lachitatu ndi la zaka zomwe nyumbayi inatayidwa, ndipo pano ndilankhula mosazungulira chifukwa n'zimene zimandiopsa kuti zingabwerenso. Pa nkhondo yachiwiri asilikali anaphunzirira kuwombera pa makoma ake. Imeneyo ndi nkhondo, tiisiye. Koma zotsatirazi zinachitika pa mtendere, boma lilipo, malamulo alipo. Nyumba itachoka m'manja mwa Mayi Schelbert n'kupita kwa dokotala wawo, mipando yomwe Mayi Gray anapangira nyumbayi, umodziumodzi pamalo pake, inatulutsidwa n'kukagulitsidwa pa okushoni ku Monaco mu 1991. Mu 1996 dokotalayo anaphedwa m'nyumba momwemo. Kenako munalowa aliyense wofuna: ogonamo mwachisawawa, ophwanya magalasi, ozula zomwe zinatsala, olemba pamakoma. Nyumba yoyandikana ndi Monaco, dera la anthu olemera kwadzaoneni, inakhala chimbudzi cha odutsa. Itagulidwa mu 1999, panapitanso zaka 16 chitseko chisanatsegukire anthu, ndipo ntchito ina yoyamba inadzudzulidwa ndi odziwa mpaka kuibwereza. M'kati mwa zaka zimenezo, mu Febuluwale 2009, mpando umodzi wa Mayi Gray, wa zinjoka uja anaupanga nyumbayi isanamangidwe, unagulidwa ku Paris pa mayuro 21.9 miliyoni. Mpando umodzi. Ndalama ya dzina lawo inalipo padziko, koma sinkadziwa njira ya ku Cap Martin.

Bambo anga ankati nyumba ya m'mbali mwa madzi siimalizidwa. Kumeneko kunali kunyanja yopanda mchere. Pano mphepo imanyamula mchere usana ndi usiku, mcherewo umalowa m'konkire, umafika pa zitsulo za mkati, zitsulo zimachita dzimbiri n'kutupa, konkire n'kung'ambika kuchokera mkati pomwe kunja penti akadali woyera. Mafelemu achitsulo a mawindo nawo amadyeka, nsalu za pakhonde zimafumbwa ndi dzuwa. Mwambo wodula riboni unachitika, atolankhani anajambula n'kupita. Mchere sunapite.

Dandaulo lachinayi ndi laling'ono m'maso mwa akatswiri, koma kwa ine ndi lalikulu. Kunsi kwa nyumbayi, pafupi ndi masitepe ozungulira aja okwera mpaka padenga, kuli kachipinda ka wantchito. Nditasuzumiramo ndinakhala chete. N'kakang'ono zedi. Mayi yemwe anaganizira za phokoso la kapu pa tebulo ndi za nkhongo ya mlendo wometa, wantchito wake anamupatsa malo ongokwana kugona. Ndimawakonda Mayi Gray, koma sindiwapaka laimu. Anali mwana wa banja lolemera, ndipo nyumba yachilimwe yotereyi imayenda chifukwa wina amadzuka m'mamawa kukoleza moto ndi kuchapa mashiti. Ndikamapempha kuti dzina lofufutidwa libwerere, sindingaiwale kuti pansi pa dzinalo pali ena ofufutidwa kwambiri: amene ankagona m'kachipindako, ndi amisiri amene anakankha wilibala zaka zitatu. Ana ndi adzukulu a anthu otere alipo m'dera lanu lomwelo. Lero m'nyumbamo mumalowedwa ndi woperekeza basi, m'timagulu ting'onoting'ono, mutalembetseratu ndi kulipira. Zifukwa zake ndikuzimva, nyumbayo ndi yosalimba ngati dzira. Komabe zotsatira zake n'zakuti wofika mosavuta ndi mlendo wakutali wokhala ndi intaneti ndi khadi la kubanki, osati mayi wokolopa m'mahotela a ku Menton. Ndipo agogo anga aja ndimawasamalira, ambiri a iwo anthu a ku Ireland onyadira mwana wa kwawo, sangathe njira ija ndi masitepe aja ngakhale atafuna bwanji.

Tsono zopempha zanga ndi izi.

1. A Meya ndi khonsolo yanu, chigawo cha njira chochokera ku siteshoni kufika pageti la E-1027 chitchedwe dzina la Eileen Gray. Kotsalako, kozungulira Cap Martin yense, kukhale kwa a Le Corbusier monga kulili. Pakufunika msonkhano umodzi ndi zikwangwani ziwiri.

2. Zojambula za 1938 ndi 1939 zisafufutidwe. Kufufuta kungakhale kubwereza tchimo lomwelo, ndipo nazonso ndi mbiri. Koma zonse zotsala mkati mwa nyumba ziphimbidwe ndi matabwa oyera ochotseka, osakhudza penti, kuti masiku ambiri a chaka munthu aziona zipinda monga womanga anazisiyira. Pakhale masiku odziwika ozivundukula, ofuna kuziona azibwera masiku amenewo. Ndipo pambali pake palembedwe mawu osazemba: anajambula ndani, liti, analola ndani, sanafunsidwe ndani, ndipo wosafunsidwayo anati chiyani. Woperekeza alendo aliyense amafotokoza mwa njira yake, ena bwino kwambiri, koma cholembedwa pakhoma sichisintha ndi tsiku.

3. A Nduna, boma la France liyambe ntchito yopempha UNESCO kuti E-1027 ilembedwe payokha, m'dzina la Eileen Gray, a Badovici atatchulidwa monga wothandiza. Ndikudziwa kuti ulendo wake ndi wa zaka zambiri. Wa a Le Corbusier nawo unabwezedwa kawiri usanatheke mu 2016, koma simunatope nawo. Funsani boma la Ireland liyende nanu.

4. Pakhale thumba la ndalama zosamalira nyumbayi chaka ndi chaka, losadalira kuti kwapezeka wachifundo, ndipo chaka chilichonse muzitulutsa lipoti lalifupi loti aliyense awerenge: konkire ili bwanji, zitsulo zili bwanji, denga likudontha kapena ayi, mwawononga zingati.

5. Mipando ndi makabati zomwe zili m'nyumbamo lero zambiri n'zopangidwanso potsata zithunzi ndi mapulani akale, ndipo zinapangidwa mwaluso. Mlendo auzidwe chilichonse kuti ichi n'chenicheni, ichi n'chopangidwanso, chenichenicho chili kwakuti, ndipo chinachoka bwanji. Nkhani ya 1991 ndi ya 1996 isabisidwe poopa manyazi. Nyumba zosungira zakale zomwe zili ndi zenizenizo zipemphedwe kubwereketsa, ngakhale chimodzi pa nyengo, ngati chinyezi cha panyanja chingalole.

6. Kachipinda ka wantchito kakhale ndi nkhani yakeyake pa ulendo woonetsa alendo, ndipo mufufuze m'mabuku a tauni ndi a amisiri mayina a anthu amene anamanga. Tsiku limodzi pamwezi likhale laulere kwa anthu okhala m'deralo ndi ana asukulu. Kwa okalamba ndi olumala, pasiteshoni pomwe ulendo umayambira pakhale kanyumba kofanizira koti munthu agwire ndi manja, kanema woyenda chipinda ndi chipinda, ndi katebulo kaja koti akweze ndi kutsitsa yekha.

Mwina muyankha kuti dzina la Mayi Gray lili kale pa zikwangwani za Cap Moderne, kuti mabuku alembedwa, kuti Centre Pompidou, nyumba yoonetsera zaluso ku Paris, inachita chionetsero chachikulu cha ntchito zawo mu 2013. Zoona, ndipo ndayamika. Iwo eni anadikira mpaka 1968, ali ndi zaka 90, kuti wolemba wina, Joseph Rykwert, akumbutse dziko m'magazini ya Domus kuti mayiyu alipo ndipo akadali moyo m'nyumba yawo ya mu msewu wa rue Bonaparte ku Paris. Anamwalira pa 31 Okutobala 1976 ali ndi zaka 98, n'kuikidwa kumanda a Père Lachaise ku Paris, komwe lero manda awo sadziwika pomwe ali. Palibe mwala woti munthu akaikepo duwa. Chomwe chatsala choimirira ndi dzina lawo m'dera lanulo ndi nyumba ziwiri, ndipo yotsegukira anthu ndi imene ili m'manja mwanu.

Chaka chamawa nyengo yotentha ndikufuna kubweranso, ulendo uno ndi mwana wanga wamkazi, amene wayamba kunena zoti adzaphunzire kujambula mapulani a nyumba. Tidzatsika sitima pa Roquebrune-Cap-Martin, ndipo tisanafike pageti ndidzamuuza awerenge mokweza chikwangwani cha njira. Yankho lanu pa pempho loyamba ndidzalimvera pamenepo. Pa zisanu zinazo ndikupempha yankho lolembedwa, poyera, pomwe onse owerenga kalatayi angalione.

Ndatha ine wanu mwaulemu,

Mayi wa ku Malawi wosamalira okalamba,
Dublin